Wa Kuti

Sungeni wayala kope pa thumba la mbatatesi.
Aphunzitsi akuti tilembe, akutero,
mayina a anthu potengera komwe amakhala.
Wa ku Malawi ndi Mmalawi, ndalemba kale.
Nanga wa pa Lizulu?

Ndamuuza adikire, basi ya ku Kabula yaima.
Tatukula mabeseni kufika m'mawindo,
kabichi, karoti, anyezi wa m'mitolo,
ndipo mayi wina wa magalasi wakuwa:
Iwe Mngoni, bwera nayo kuno!
Mngoni wathamanga, wagulitsa.
Kondakitala wati, achimwene a ku Ntcheu, tapezani chenje,
wa ku Ntcheu wapisa m'thumba.
Pomwe basi imanyamuka
tinali anthu awiri m'malaya amodzi.

Ndilembe Mngoni, ababa?
Tadikira.

Ine mchombo wanga unagwera ku Wanki,
m'komboni ya malasha
momwe zochapa zinkauma zitada kale.
Kumeneko tonse tinali Mabulantaya,
ndi bambo anga omwe,
amene Bulantaya anangomudutsa usiku
ali m'tulo pa lole ya Mthandizi.
Dzinalo ndinkalimenyera kuseri kwa sukulu.
Dzino losowa apali linatsala komweko.
Bambo ankati pirira,
kwathu kuli dzina lako, likukudikira.

Tinafika ndi sutikesi imodzi ndi wailesi yakufa.
Dzina linalipodi, litakhala pakhonde, litapinda miyendo:
mwana wa mtchona,
wa ku Halale,
uja amati mangwanani anthu akamadzutsana.
Zaka makumi atatu ndapinda msana m'dimba lomweli.
Pa maliro amandipatsa khasu osafunsa,
ndimalowa m'dzenje ngati mwana wa m'mudzi,
koma tsiku loponda malire a munda
ndimamva kuti ndine obwera.

Taona tsidya la msewu.
Mapazi khumi ndi awiri a phula, kwatha, ndi Mozambiki.
Amayi ako ndinakawatenga uko
ndi njinga yobwereka.
Ife timati a kutsidya.
Iwonso akamatiloza ndi mlomo amati a kutsidya.
Nkhuku ya a Nangozo imagona kuno,
imakatola gaga uko,
mazira imaikira m'kalavati, pansi pa msewu penipeni.
Anapiye ake ndi a kuti?
Palibe anawafunsa chiphaso.

Sungeni akutafuna chivindikiro cha bolopeni.
Ababa, mzere wake ndi umodzi, waufupinso.
Mlizulu?
Waseka yekha, akuti likumveka
ngati mankhwala opopera tomato.

Chinenero chathu sichinadzivute kusula mayina otero.
Chinangotola timawu tiwiri, wa ku,
n'kutisiyira pakhomo ngati ndowa.
Umathiramo Dedza, umasenza.
Ukasamuka umakhuthula, umathiramo Kasungu,
ndowa ndi yomweyo.
Mayina ena aja, osachoka ndi sopo,
sudzitcha wekha.
Amakupachika kumsana ukatembenuka,
umawamvera kwa ana a eni ake.

Nkhungu yayamba kutsika ku Chirobwe,
tomato wa a Nangozo waphimbidwa ndi chiguduli.
Ndiye ndilembe chiyani?

Lemba kuti wa pano.

Aphunzitsi athetha, ababa.
Athethe. Iwowo si a ku Karonga?
Mwezi wa mawa chaka chawo chachisanu chikwana
akadali aphunzitsi a ku Mpoto aja,
ngakhale mwana wawo anamuika m'manda athu,
ine ndemwe ndili m'dzenje kulandira bokosi.
Akawerenga adzayamba aima kaye.

Walemba, pang'onopang'ono, lilime lili panja,
ndipo dothi la mbatatesi ladinda chala chake papepala.

Thiraki ya ku Tete yaima uko ikufuka.
Dalaivala watulutsa mutu ndi mkono:
Nyasa! Iwe Nyasa! Thumba ndi zingati?

Sungeni, tachotsa kopelo.
Akuitana ine.